Mafunso ndi mayankho: ndondomeko imodzi ya unamwino pa opaleshoni ya cornea

Opaleshoni yoika cornea yatsopano m'diso imatha pa ola limodzi kapena awiri. Koma kuti cornea imeneyo ikhalebe yoyera, wodwala n'kumaona, zimadalira zimene zichitike usiku woyamba, sabata yoyamba, mpaka chaka chonse. Mbali yaikulu ya zimenezo ili m'manja mwa anamwino, amene amasinthana mashifiti ndipo aliyense anaphunzira kwake. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anamwino, ophunzira unamwino, odwala ndi achibale awo amafunsa kawirikawiri pa nkhaniyi.

Kodi cornea n'chiyani, ndipo bala lake limasiyana bwanji ndi mabala ena?

Cornea ndi kachiwalo koonekera mkati kamene kali kutsogolo kwenikweni kwa diso, pamwamba pa mbali yakuda ija. Mukayang'ana munthu m'maso simuiona, mumaona za kuseri kwake. M'mimba mwake ndi mamilimita 11 mpaka 12, ndipo pakati pake kuchindikala kumangopitirira pang'ono theka la milimita. Kuchepa konseko, ndi imene imagwira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ntchito yosonkhanitsa kuwala kuti chithunzi chikafike bwino kumbuyo kwa diso.

Cornea ilibe mitsempha ya magazi. Mpweya imaupeza kudzera m'misozi, chakudya imachipeza m'madzi a mkati mwa diso. Zimenezi zimathandiza kuti thupi lisafulumire kukana cornea ya munthu wina, koma zimachititsanso kuti bala lake lichedwe kwambiri kugwirana. Bala la pakhungu limachotsedwa ulusi pakapita masiku, pamene la cornea lingafune chaka.

Kumbuyo kwake kuli mzere umodzi wokha wa maselo otchedwa endothelium, amene amapopa madzi kuti cornea isatupe. Maselo amenewa akafa sabwerera. Akachepa kwambiri, cornea imamwa madzi n'kuchita chifunga. Zambiri zimene namwino amachita, kuyambira pa kagwiridwe ka botolo la cornea mpaka kudontheza mankhwala pa nthawi yake, n'zoteteza maselo amenewa.

Ndi maopaleshoni ati amene tikunena?

Wodziwika kwambiri ndi PK, pamene dokotala amadula kachidutswa kozungulira ka cornea, kuchindikala kwake konse, n'kusokererapo ka munthu wina. Amasoka ndi ulusi wa nayiloni wa 10-0, woonda kuposa tsitsi, kawirikawiri mfundo 16. Opaleshoni yoyamba yotere imene inayenda bwino anaichita Eduard Zirm mu 1905 mumzinda wa Olomouc, umene lero uli ku Czech Republic.

Pa DALK amasintha mbali ya kutsogolo yokha, endothelium ya wodwala n'kutsala. Imachitika kwambiri kwa odwala keratoconus, matenda amene cornea imapyapyala n'kusongoka. Pa DSAEK ndi DMEK zimakhala mosemphana: amasintha mbali ya kumbuyo yokha, ndipo kachidutswa katsopanoko sikasokedwa, kamagwiridwa ndi thovu la mpweya limene dokotala amalowetsa m'diso. Njira ya DMEK anaifotokoza Gerrit Melles wa ku Netherlands mu 2006.

Palinso ena: kusoka cornea yong'ambika, kuchotsa kamnofu kotchedwa pterygium, cross-linking yolimbitsa cornea ndi riboflavin ndi kuwala kwa UVA, komanso LASIK ndi PRK zokonza kaonedwe. Onsewa amafuna ndondomeko, koma pano tikhazikika pa kuika cornea yatsopano, chifukwa kumeneko n'kumene cholakwa chaching'ono chimawononga zambiri. Kafukufuku wa padziko lonse amene anasindikizidwa mu 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 12.7 miliyoni ankadikira cornea, ndipo pa 70 zilizonse zofunika pankapezeka imodzi yokha. Cornea ikaonongeka chifukwa cha kusamvana kwa pawodi, wodwalayo mwina sadzapezanso ina.

Kunena kuti chisamaliro chikhale cha ndondomeko imodzi kukutanthauza chiyani kwenikweni?

Kukutanthauza kuti zimene wodwala alandire zisadalire kuti pa shifiti pali ndani. Namwino wa m'mawa, wa usiku, wa kuthiyeta ndi wa kukiliniki achite zinthu zofunika m'njira yofanana, azilembe pamalo ofanana, ndipo wodwala amuuze mawu ofanana. Ganizirani wodwala wa DMEK amene wa masana wamuuza kuti agone chagada osatsamira, wa usiku n'kubwera mwachifundo kumuikira mapilo atatu kuti apume bwino. Onse awiri ali ndi mtima wabwino. Koma m'mawa kachidutswa kaja kangapezeke katachoka pamalo pake.

Ndondomeko yeniyeni imatchula chochita, wochita, nthawi, malire amene akapitirira dokotala aitanidwe, ndi nambala yomuitanira. Pepala lolembedwa kuti "yang'anirani wodwala mosamala" si ndondomeko. Lolembedwa kuti "funsani za ululu ola lililonse kwa maola oyamba, mutu ukamawawa kwambiri kapena akasanza, itanani dokotala wa maso nthawi yomweyo", limenelo namwino watsopano angaligwiritse ntchito usiku wake woyamba.

Ndipo pepala lisakhale limodzi la "opaleshoni ya diso" yonse. Pamenepa ine ndimaumirira: mtundu uliwonse wa opaleshoni ukhale ndi tsamba lake, chifukwa malangizo a wina angavulaze wodwala wa mtundu wina.

Opaleshoni isanachitike, namwino aone chiyani?

Choyamba ndi munthu ndi diso. Wodwala anene yekha dzina lake ndi diso loti lichitidwe opaleshoni, zimenezo zigwirizane ndi fayilo, kalata yovomereza ndi mndandanda wa kuthiyeta, ndipo dokotala aike chizindikiro pamwamba pa diso limenelo. Musafunse kuti "ndi lakumanja, eti?" chifukwa munthu wamantha amangovomera. Funsani kuti "tikuchita diso liti lero?"

Kaonedwe ka maso onse awiri ndi pulesha ya m'diso ziyezedwe n'kulembedwa, kuti mawa pakhale poyerekezera. Zikope ziyang'anidwe bwino: manthongo, kutupa m'mphepete, nsidze zopindikira mkati, kapena mafinya otuluka mukadina pakona ya kumphuno. Chimodzi mwa zimenezi chikapezeka, dokotala adziwe wodwala asanafike pakhomo la thiyeta. Afunsidwenso ngati diso linadwalapo herpes, chifukwa kachilombo kameneka kamatha kudzukanso pa cornea yatsopano, ndipo odwala otere amapatsidwa aciclovir wowateteza. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, glaucoma (matenda oononga mtsempha woonera, nthawi zambiri chifukwa cha kukwera kwa pulesha ya m'diso), mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ndi mankhwala amene thupi lawo limadana nawo, zonsezi zikhale ndi mzere wake papepala. Chifuwa chisaiwalike: munthu amene akutsokomola, kapena amene sangathe kugona chagada kwa ola lathunthu, dokotala wogonetsa amudziwe msanga.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale anamwino odziwa ntchito. Pawodi ya maso odwala ambiri amakhala a ng'ala, ndipo dzanja limazolowera kudontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso. Koma pa PK ya munthu amene sakuchotsedwa ng'ala, madokotala ambiri amafuna mwana wa diso achepe, pogwiritsa ntchito pilocarpine, kuti lenzi ya kumbuyo itetezeke. Choncho ndondomeko inene mosabisa kuti palibe dontho lokulitsa kapena kuchepetsa mwana wa diso limene lingadonthezedwe popanda kulembedwa ndi dokotala wa wodwala ameneyo.

Funso lomaliza silachipatala kwenikweni, koma n'lolemera: kunyumba adzamudontheza mankhwala ndani, ndipo adzatha kubwerera kukiliniki kangapo m'chaka choyamba? Yankho lake lifunidwe opaleshoni isanachitike.

Cornea yoperekedwa ikafika, ntchito ya namwino ndi yotani?

Cornea zimachokera kwa anthu amene anamwalira, ndipo zimadutsa ku banki ya maso. Banki yoyamba yotere inatsegulidwa ku New York mu 1944. Kumeneko magazi a woperekayo amayezedwa HIV, hepatitis B ndi C, ndipo cornea ya munthu amene akuganiziridwa kuti anafa ndi chiwewe kapena matenda a ubongo otchedwa Creutzfeldt-Jakob siigwiritsidwa ntchito. Pali njira ziwiri zosungira: mozizira pa madigiri 2 mpaka 8, pamene imakhala mpaka masiku 14 m'madzi ngati Optisol-GS, kapena mofunda pa madigiri 31 mpaka 37, pamene imatha kukhala pafupifupi masabata 4. Namwino adziwe njira imene cornea yafikayo inasungidwira, chifukwa ya mofunda siiyenera kuponyedwa mufiriji, ndipo palibe cornea imene imaikidwa poumitsa madzi.

Anthu awiri aone pamodzi kuti botolo silinatsegulidwe, madzi ake sanachite matope kapena kusintha mtundu, tsiku lomaliza kugwiritsa ntchito silinapite, nambala ya pabotolo ikufanana ndi ya pamapepala, ndipo cornea inakonzedwera opaleshoni yomweyo imene yalembedwa. Zonsezi zichitike wodwala asanagonetsedwe. Nambala ya cornea ilembedwe mufayilo, kuti vuto likadzapezeka, banki ithe kutsata kumene cornea inzake ya munthu yemweyo inapita.

Nanga m'thiyeta?

Maziko ake ndi mndandanda wa chitetezo cha opaleshoni umene WHO inatulutsa mu 2008, wa mfundo 19, umene umaimitsa gulu lonse katatu: wodwala asanagonetsedwe, asanayambe kudula, ndi asanatuluke. Gulu la cornea limaonjezerapo zake, monga kutchula mokweza kukula kwa mipeni yozungulira yotchedwa trephine. Wodulira cornea yoperekedwa kawirikawiri umakhala wokulirapo ndi mamilimita 0.25 mpaka 0.5 kuposa wodulira ya wodwala, ndipo n'zosavuta kuisinthanitsa.

Povidone-iodine wa 5%, mankhwala opha tizilombo, adonthezedwe m'diso ndi kusiyidwa kwa mphindi zosachepera 3. Mphindi zimenezi ziyang'anidwe pawotchi, chifukwa anthu akakhala pa changu, mphindi imodzi imaoneka ngati zitatu. Sirinji iliyonse patebulo ilembedwe, popeza mankhwala ambiri a m'diso amaoneka ngati madzi. Ngati agwiritsa ntchito mpweya wa SF6 popanga thovu la m'diso lija, kasakanizidwe kake, kamene nthawi zambiri kamakhala 20%, katsimikizidwe ndi anthu awiri. Wosasakaniza umafufuma m'diso n'kukweza pulesha koopsa.

Pa PK pamakhala nthawi imene diso lili pululu, cornea yakale itachoka, yatsopano isanasokedwe. Wodwala akatsokomola kapena kudzuka pa nthawi imeneyi, magazi angatuluke kumbuyo kwa diso n'kukankhira zamkati panja. Namwino wa patebulo akhale atakonzeratu cornea ndi ulusi woyamba, kuti dokotala asadikire chilichonse.

Kutsuka zipangizo nakonso kuli m'ndondomeko. Sopo wotsala m'timachubu angayambitse kutupa kotchedwa TASS, kumene kumaonekera pakati pa maola 12 ndi 48, ndipo kawirikawiri kumagwira odwala angapo a tsiku limodzi.

Wodwala agone bwanji akatuluka m'thiyeta?

Funso limeneli ndi limene limaonetsa bwino kufunika kwa ndondomeko, choncho tilifotokoze mofatsa.

Wa DSAEK kapena DMEK agone chagada, nkhope ikuyang'ana kudenga. Thovu la m'diso limachita ngati la m'botolo la madzi: kulikonse kumene mungalitembenuzire botolo, thovu limathamangira kumwamba. Munthu akagona chagada, kumwamba kwa diso ndi kumbuyo kwa cornea, ndipo thovu limakanikiza kachidutswa katsopano pamalo pake mpaka maselo aja ayambe kupopa n'kukamamatiza. Akakhala tsonga, thovu limakwera n'kusiya mbali ya m'munsi yopanda choigwira. Madokotala ambiri amalamula maola 24 mpaka 48, ena kupitirira, ndipo wodwala amaloledwa kudzuka mphindi zochepa kuti adye kapena apite kuchimbudzi. Kutalika kwa nthawiyi ndi kwa mphindi zopumirazo kulembedwe ndi dokotala, osati kuti shifiti iliyonse izingoganizira.

Choopsa n'chakuti pawodi yomweyo pangakhale wodwala wa retina (mbali ya kumbuyo kwa diso imene imalandira chithunzi), amenenso ali ndi thovu m'diso, koma iye analamulidwa kugona chafufumimba. Namwino amene anangomva kuti "ali ndi mpweya m'diso" angamugoneke wa cornea mosemphana. N'chifukwa chake kagonedwe kayenera kulembedwa pamwamba pa bedi, mufayilo, ndi kunenedwa pakamwa popatsirana lipoti.

Kugona chagada tsiku lonse si kophweka, makamaka kwa okalamba. Msana umawawa, tulo sitibwera. Pilo pansi pa mawondo amathandiza, mankhwala a ululu wa msana aperekedwe wodwala asanayambe kutembenuka, ndipo azigwedeza mapazi kuti magazi asaundane m'miyendo. Auzidwenso kuti pamene thovu lili m'diso aziona mwachimbuuzi kwambiri, apo ayi aganiza kuti opaleshoni yalephereka. Kachidutswa kakachoka pamalo pake, dokotala amatha kulowetsanso mpweya wina, ndipo zimayenda bwino vutolo likaoneka msanga.

Thovu lisanathe, wodwala asakwere ndege kapena kupita kumalo okwera kwambiri, komanso asagonetsedwe ndi nitrous oxide, chifukwa zonsezi zimafufumitsa thovu. Zipatala zina zimamuveka kachibangili konena zimenezi, ndipo ndi chizolowezi chabwino.

Wa PK kapena DALK alibe lamulo lolimba chotere. Agone chagada kapena cham'mbali kumbali imene sinachitidwe opaleshoni, chophimba cholimba chili padiso.

Ndi ululu uti wosadetsa nkhawa, ndipo ndi uti wofuna dokotala?

Kumva ngati m'diso muli mchenga, misozi, kutupa pang'ono kwa chikope ndi kuwawa kumene kumatha ndi paracetamol, zimenezi zimayembekezeka. Ululu waukulu wofika kumutu, wotsagana ndi nseru kapena kusanza, ndi nkhani ina: nthawi zambiri ndi pulesha imene yakwera. Pulesha yabwino ili pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Kwa wodwala wa thovu, mpweya umatha kutseka mwana wa diso, madzi n'kusowa podutsa, pulesha n'kukwera m'maola ochepa. Kumupatsa mankhwala amphamvu a ululu n'kudikira m'mawa kungaphe mtsempha woonera. Ndondomeko imulole namwino kudzutsa dokotala pakati pa usiku popanda kupepesa.

Nseru ithetsedwe isanafike posanza, chifukwa kusanza, kutsokomola kwambiri ndi kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka bala. Mankhwala odontheza ochititsa dzanzi ndi oyezera basi. Wodwala asapatsidwe kuti azikadontheza yekha, ngakhale atapempha motani, chifukwa amalepheretsa khungu la cornea kupola ndipo amatha kuisungunula.

Pochotsa chophimba tsiku loyamba, namwino achite chiyani?

Asambe m'manja, achotse chophimba mofatsa, apukute zikope kuchokera kumphuno kupita kunja, thonje limodzi kamodzi. Potsegula diso, chala chitsamire pafupa la tsaya kapena la pamwamba pa diso, osati padiso penipeni. Kenako ayang'ane ndi tochi motsata dongosolo limodzi tsiku lililonse: zikope, kufiira, kuyera kwa cornea, ulusi, kuya kwa malo a pakati pa cornea ndi mbali yakuda, maonekedwe a mwana wa diso, ndi kukula kwa thovu ngati lilipo. Malo aja akaphwa, mwina bala likudontha, ndipo dokotala amatsimikiza ndi utoto wotchedwa fluorescein pa mayeso a Seidel. Kamzere koyera ka mafinya pansi pa malowo, kadontho koyera pa cornea, kapena ululu umene ukukula m'masiku otsatira kaonedwe kakutsika, ndi zizindikiro za tizilombo ndipo sizidikira tsiku la kiliniki.

Mawu olembera akhale ogwirizana. Wina akalemba "cornea ili bwino", wina "yoyera pang'ono", wa tsiku lachitatu sangadziwe ngati zinthu zikusintha. Tchati chokhala ndi magulu ochepa osankhapo chimathetsa vutoli.

Kudontheza mankhwala kumafunanso ndondomeko? Si nkhani yophweka?

Kumaoneka kophweka mpaka mutaima n'kuonerera anthu asanu akudontheza. Njira yake ndi iyi: kusamba m'manja, kuwerenga botolo, wodwala kuyang'ana kumwamba, kukokera chikope cha m'munsi, dontho limodzi, kukamwa kwa botolo osakhudza diso kapena nsidze. Atseke diso mofatsa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, osaphethiraphethira. Pakati pa mankhwala awiri papite mphindi 5, apo ayi achiwiri amatsuka oyamba. Odontheza amayamba, opaka amamaliza. Prednisolone acetate wa 1% amadikha pansi pa botolo, choncho likhutchumulidwe bwino nthawi iliyonse; osatero, wodwala amalandira mankhwala ochepa kuposa oyenera masabata oyamba. Botolo lililonse likhale la wodwala mmodzi, lilembedwe tsiku lotsegulira, ndipo kunyumba ambiri amatayidwa pakapita masiku 28.

Mankhwala a steroid, monga prednisolone, ndi amene amagwira moyo wa cornea yatsopano, chifukwa amaletsa thupi kuikana. Amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo odwala ena amapitiriza dontho limodzi patsiku kwa zaka. Wodwala asawasiye chifukwa diso layera, komanso botolo likatha asadikire tsiku la kiliniki. Mbali inayo n'njakuti steroid amakweza pulesha mwa anthu ena popanda ululu uliwonse, choncho pulesha iyezedwe ulendo uliwonse.

Kodi thupi likayamba kukana cornea, zimadziwika bwanji?

Zizindikiro zake ndi zinayi: diso kufiira, kuthobwa ndi kuwala, kaonedwe kutsika, ndi ululu. Chimodzi chokha n'chokwanira. Wodwala aonedwe ndi dokotala wa maso tsiku lomwelo, asapitirire maola 24. Kukana kukagwidwa msanga, nthawi zambiri kumabwezedwa ndi steroid wodontheza ola lililonse. Kukachedwa, maselo a endothelium amakhala atafa kale. Kumachitika kwambiri m'chaka choyamba kapena chachiwiri, koma kungabwere ngakhale patapita zaka zambiri. Pa DMEK kumachitika mochepa kuposa pa PK, koma sikuti kulibe.

Malo amene odwala ambiri amatayikira ndi pafoni ndi pakhomo la chipatala. Munthu amaimba kunena kuti diso lafiira, woyankha n'kumuuza kuti adikire tsiku lake. Ndondomeko ifike mpaka kwa woyankha foni ndi wolandira odwala: aliyense amene anaikidwapo cornea ndipo wanena chimodzi mwa zinayizo, alowe. Komabe namwino asamuuze pafoni kuti aonjezere steroid yekha, chifukwa zizindikiro zomwezo zingakhale za chilonda cha tizilombo kapena herpes, ndipo pamenepo steroid yekha amakolezera moto. Kusiyanitsa kumafuna slit lamp, makina a nyali ndi magalasi okulitsa amene dokotala amayezera diso.

Ulusi umachotsedwa liti?

Pa PK kawirikawiri pakapita chaka kapena kupitirira, ndipo nthawi zina pang'onopang'ono kuti cornea ikhale yozungulira bwino. Koma ulusi womasuka kapena woduka suyembekezera nthawi imeneyo. Sukugwiranso bala, umangokola zinyalala, kuitana tizilombo ndi timitsempha ta magazi, n'kuputa thupi kuti likane cornea. Vuto n'lakuti timitsempha tomvera ululu timadulidwa pa opaleshoni, ndiye cornea yatsopano imakhala yadzanzi kwa miyezi, ndipo wodwala sangamve bwino kuti ulusi wamasuka. Uyang'anidwe ulendo uliwonse, ngakhale wodwala akunena kuti zonse zili bwino.

Bala la PK silifika pa mphamvu ya cornea imene sinadulidwepo, ngakhale patapita zaka 20. Chigongono cha mwana kapena mpira zingaling'ambe. Magalasi oteteza masana, chophimba cholimba usiku m'masabata oyamba, osatikita diso, ndi kupewa masewera omenyana moyo wonse.

Potuluka m'chipatala, tingadziwe bwanji kuti wodwala wamva?

Osati pofunsa kuti "mwamva?" Aliyense amayankha kuti inde. Mupempheni kuti afotokoze yekha: botolo ili ndi kangati patsiku, zizindikiro zinayi zija ndi ziti, zikaoneka Loweruka usiku apite kuti. Kenako adontheze dontho inu mukuona, kapena adontheze wachibale amene akamusamalire. Kumbukirani kuti munthuyu akuona ndi diso limodzi, mwina lofookanso. Pepala la malangizo likhale la zilembo zikuluzikulu, m'chinenero chake, ndipo mabotolo asiyanitsidwe ndi chinthu chimene angachione kapena kuchikhudza.

Auzidwe zoona za nthawi. Wa DMEK angayambe kuona bwino m'masabata ochepa. Wa PK angadikire chaka kapena kupitirira, ndipo mwina adzafunikabe magalasi kapena kontakiti lenzi. Amene sanauzidwe zimenezi amataya mtima mwezi wachitatu n'kusiya mankhwala. Kwa mwana wamng'ono pali zina zoonjezera: bala limapola msanga, ulusi umamasuka msanga, ndipo diso likapanda kuphunzitsidwa kuona ndi magalasi kapena kuphimba linzake, cornea ingayere koma mwanayo osaona.

Kodi zonsezi sizimulanda namwino nzeru zake?

Ine ndimaona kuti zimamupatsa mpata woganiza. Namwino amene sakuvutika kukumbukira kuti dokotala uyu amafuna chiyani, uja amafuna chiyani, maso ake amakhala pa wodwala, ndipo amaona msanga kuti munthuyu wangoti zii mosiyana ndi dzulo. Ndondomeko imanena zosayenera kudumphidwa. Siiletsa kuchita zoposa pamenepo. Pamene wodwala sakukwanira m'ndondomeko, monga wa mtima amene sangagone chagada, namwino akambirane ndi dokotala, asinthe, ndipo alembe chifukwa chake. Chimene sichiloledwa ndi kusintha mwakachetechete.

Madokotala nawonso ali ndi mbali yawo. Ngati atatu a m'chipatala chimodzi ali ndi malamulo atatu a mankhwala pa opaleshoni yofanana, anamwino ali ndi ufulu wowapempha kuti akhale pansi agwirizane, kapena aliyense alembe ake momveka.

Ndondomeko ilembedwe ndi ndani, ndipo tingadziwe bwanji kuti ikugwira ntchito?

Ilembedwe ndi amene adzaigwiritse ntchito: anamwino a kuwodi, kuthiyeta ndi kukiliniki, pamodzi ndi dokotala wa cornea, wogonetsa, wa kufamase ndi wotsuka zipangizo. Yolembedwa muofesi imafera m'kabati. Ikhale yaifupi moti n'kuwerengeka munthu ataimirira, ikhale ndi tsiku loilemba ndi loiunikanso, ndipo ilembedwe motengera zipangizo zimene chipatalacho chili nazodi. Kumene usiku kulibe makina oyezera pulesha, inene zimene namwino achite ndi tochi, mafunso ndi foni. Watsopano aliyense aphunzitsidwe n'kuonedwa akuchita, osati kungosainitsidwa kuti wawerenga.

Poyeza, tengani mafayilo angapo mwezi uliwonse n'kuona zinthu zochepa zowerengeka: kagonedwe kanalembedwa, nambala ya cornea ilimo, mankhwala anaperekedwa pa nthawi, pulesha inayezedwa, panapita maola angati kuchokera pamene wodwala anadandaula mpaka pamene dokotala anamuona. Zotsatira zikambidwe pagulu, pofufuza pamene dongosolo likudontha, osati munthu woti adzudzulidwe, chifukwa anthu oopa amasiya kunena zolakwika.

Pakhalenso kaundula wa onse amene anaikidwa cornea, ndi namwino mmodzi wodziwika ndi dzina amene amamuyang'anira. Wodwala akaphonya tsiku lake la kiliniki, aimbiridwe foni sabata yomweyo, ndipo afunsidwe mafunso awiri asanapatsidwe tsiku lina: kodi mankhwala a steroid akadali nawo, ndipo diso likuoneka bwanji lero.